Bala la m'mphechepeche ku Mogadishu, 1993: lipoti la nkhani

Lipotili ndalembera anzanga amene amasamalira ovulala kutali ndi fiyeta: mamediki a usilikali, ma clinical officer, anamwino, ndi ophunzira amene tsiku lina adzagwada pambali pa munthu wokha magazi popanda dokotala wa opaleshoni pafupi. Nkhaniyi inachitikira asilikali a dziko la America mumzinda wa Mogadishu ku Somalia, ndipo madokotala a gulu lomwelo anaikamba poyera kwa zaka zambiri. Ndimaiphunzitsa pa chifukwa chimodzi. Mediki wa m'nkhaniyi anachita zonse zimene anaphunzitsidwa, anazichita mwaluso komanso molimba mtima, koma wovulala wake anamwalirabe. Zikatero, mafunso sapita kwa mediki. Amapita kwa amene anamuphunzitsa, amene anamulongedzera chikwama, ndi amene anamuuza kuti ntchitoyo itenga nthawi yaitali bwanji.

Ntchito ya ola limodzi

Masana a Lamulungu, pa 3 Okutobala 1993, gulu la Task Force Ranger linanyamuka pabwalo la ndege la Mogadishu ndi asilikali pafupifupi 160, ndege 19 ndi magalimoto 12. Ankakagwira akuluakulu awiri a gulu lankhondo la ku Somalia lotsogozedwa ndi Mohamed Farrah Aidid. Awiriwa anali pamsonkhano m'nyumba ina moyandikana ndi Olympic Hotel, kufupi ndi msika wa Bakara. Ankayembekeza kuti pomatha ola limodzi akhala atabwerera kumsasa. N'chifukwa chake ambiri anasiya madzi akumwa ndi magalasi oonera usiku, ndipo ena anachotsa chotchinga chakumsana pa chovala choteteza ku zipolopolo kuti thupi lipepuke.

Mediki nayenso amalongedza chikwama motengera nthawi imene wauzidwa. Chipatala cha 46th Combat Support Hospital chinali mumzinda momwemo, mphindi zochepa chabe pa helikopita. Chikwama cha ntchito yotere chimakhala cha munthu amene akungofuna kumanga bala, kuika diripi ndi kukweza wovulala mundege.

Dzuwa lisanalowe, mahelikopita awiri a Black Hawk anali atagwetsedwa ndi mabomba a RPG. Mdipiti wa magalimoto umene unkayenera kunyamula asilikaliwo unasochera m'misewu yotsekedwa n'kubwerera utadzaza ndi ovulala. Asilikali oposa 90 anatsekeredwa m'nyumba zozungulira pamene panagwera helikopita yoyamba, ndipo anagona pomwepo zipolopolo zikuvumba.

Wovulala

Corporal James Smith, wa zaka 21, wa batalioni yachitatu ya 75th Ranger Regiment, anaomberedwa pamsewu pafupi ndi helikopita yakugwayo. Chipolopolo chinalowa kumtunda kwa ntchafu n'kudula mitsempha iwiri ikuluikulu ya mwendo: wotsitsa magazi kuchokera kumtima, ndi wowabweza kumtima. Anzake anamukokera m'bwalo la nyumba ya mpanda, ndipo Kurt Schmid, mediki wa gulu lapadera la Delta, anayamba kumuthandiza.

Malo a balalo ndiwo mutu wa nkhani yonse. Mtsempha wa femoral umatuluka m'chiuno podzera m'mphechepeche, pamene ntchafu ikumana ndi thupi, ndipo ndi wonenepa ngati chala chaching'ono. Ukaduka pakati pa ntchafu, umamanga tourniquet, lamba wokungira mwendo kapena mkono, pamwamba pa bala, kukunga mpaka magazi asiye, basi. Ukadukira m'mphechepeche mulibe pomanga, chifukwa lamba amafuna mwendo woti auzungulire. Choipa china n'chakuti mtsempha wodukiratu umabwerera m'kati ngati mphira ya legeni ikaduka, ndipo wa Smith unathawira m'chiuno. Munthu wa makilogalamu 70 ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Akataya malita 2 moyo uli pachiswe, ndipo mtsempha umenewu ukhoza kutulutsa malita 2 amenewo m'mphindi zochepa.

Schmid anatseka balalo ndi mabandeji n'kuika madiripi. Ataona kuti magazi sakusiya, anakulitsa balalo n'kulowetsa dzanja kufunafuna nsonga ya mtsempha kuti aipane. Wovulalayo anali maso, akumva zonse. Nsongayo sinapezeke. Chimene chinatsala ndi kudinikiza ndi manja, ndipo iye ndi asilikali ena ankasinthana kwa maola.

Amene sanadinikizepo mtsempha wa m'mphechepeche angayese ndi ntchito yopepuka. Umagwada, kuika chibakera pamene mtsempha ukudutsa pafupa, kuongola zigongono n'kutsamira ndi thupi lonse. Pakapita kanthawi mapewa amayamba kunjenjemera, zala zimachita dzanzi moti sudziwanso ngati ukadali pamalo oyenera. Magazi amaterera. Wovulala akabuula n'kupotokola chiuno, dzanja limasuntha pang'ono chabe, ndipo umamva kufunda kwa magazi atsopano pakati pa zala. Nthawi yosinthana ndiyo yoopsa koposa, chifukwa magazi amene anayamba kuundana amasweka dzanja lina likamachoka lina likubwera. Tsono onjezanipo mdima, fumbi, mfuti zikulira kuseri kwa khoma, ndi ovulala ena amene akuitana mediki yemweyo.

Mankhwala amphamvu a ululu amene mamediki ankanyamula masiku amenewo anali morphine, amene amatsitsa BP ndi kufooketsa kupuma. Kwa munthu wotha magazi, kumupatsa n'kumuika pangozi, kumumana n'kumusiya akuvutika. Mediki anagwira njakata.

Anapempha pawailesi kuti helikopita ibwere idzamutenge. Akuluakulu anakana, ndipo ine sindiwada: mahelikopita awiri anali atagwa kale, ena atabwerera ali obooka, ndipo malowo analibe potera pabwino. Helikopita imene inabwera kudzaponya madzi, zipolopolo ndi madiripi inaomberedwa kwambiri moti sinathe kubweranso. Smith anamwalira usiku womwewo. Mdipiti wodzawapulumutsa, wa asilikali a 10th Mountain Division pamodzi ndi magalimoto ankhondo a Malaysia ndi akasinja a Pakistan, unafika cha m'ma 2 koloko usiku, ndipo anthu anakafika kusitediyamu kumene kunali msasa wa Pakistan kutacha. Pa nkhondoyo panafa asilikali 18 a America ndipo 73 anavulala. Panafanso msilikali wa Malaysia. Asomali anafa mazanamazana, ena mwa iwo anthu wamba, ndipo ovulala awo anadzaza zipatala zimene zinalibe ngakhale theka la zimene adani awo anali nazo.

Maphunziro obwereka

Mamediki a nthawi imeneyo ankaphunzira zimene zinachokera ku ATLS, maphunziro amene anayambira ku Nebraska mu 1978 pofuna kuthandiza madokotala olandira anthu a ngozi zapamsewu. Ndi maphunziro abwino ndipo apulumutsa anthu osawerengeka, koma anakonzera chipinda chowala, chokhala ndi anthu ambiri othandiza, fiyeta ili pakhomo lotsatira. Amati yamba ndi njira ya mpweya, kenako kupuma, kenako magazi. Amati limbitsa khosi ndi msana. Amati ika madiripi awiri akuluakulu, thira malita 2 a madzi amchere. Tourniquet ankainena ngati chinthu chothera nzeru, choduletsa mwendo.

Chonsecho ziwerengero za nkhondo ya ku Vietnam zinali zitanena kale zina. Pa imfa 2,600 zimene zinaunikidwa mu 1970, anthu 193 anafa ndi magazi otuluka m'manja kapena m'miyendo, kumene lamba wamba akanatha kutseka. Ronald Bellamy, dokotala wa asilikali, anasonyeza kuti mwa ofera pabwalo la nkhondo, pafupifupi 9 pa 100 alionse ankafa ndi mabala a manja ndi miyendo, 5 ndi mpweya wotsekeredwa m'chifuwa, ndipo 1 yekha ndi kutsekeka kwa njira ya mpweya. Ndondomeko inkayambira pa chimene chimapha ochepa.

Nkhani ya diripi imandiwawa kwambiri, chifukwa mpaka lero timakonda kupachika botolo n'kumva ngati tachitapo kanthu. Madzi amchere sanyamula mpweya wa oxygen ndipo saundanitsa magazi. Ambiri a iwo amachoka m'mitsempha pasanathe ola. Pa kanthawi kamene ali m'kati amakweza BP, ndipo BP ikakwera imakankha magazi oundana amene anayamba kutseka bala. Amasungunulanso zinthu zoundanitsa magazi zimene zatsala, ndipo ngati ndi ozizira amaziziritsa thupi, pamene magazi a munthu wozizidwa saundana bwino. Patangotha chaka chimodzi chichitikireni za Mogadishu, mu 1994, William Bickell ndi anzake ku Houston anafalitsa kafukufuku wa anthu 598 obayidwa kapena kuomberedwa pathupi. Mwa amene anathiridwa madzi nthawi yomweyo anapulumuka 62 pa 100 alionse. Mwa amene anadikira mpaka kufiyeta anapulumuka 70. Izi Schmid sakanazidziwa, ndipo akanazidziwa, m'chikwama mwake munalibe china choti athire. Magazi analibe.

Zimene zinasintha, ndi liwiro lake

Mu 1996 Frank Butler, dokotala wa asilikali apamadzi amene kale anali wa gulu lapadera la SEAL, pamodzi ndi John Hagmann ndi George Butler, analemba ndondomeko yatsopano yotchedwa Tactical Combat Casualty Care, mwachidule TCCC. Anagawa chisamaliro motengera mmene nkhondo ilili. Zipolopolo zikamagwa, ntchito ndi kubweza moto, kuchotsa wovulala poonekera, ndi kumanga tourniquet ngati magazi akutuluka moopsa, osati china. Mukapeza pobisala m'pamene mumaunika thupi lonse. Gawo lachitatu ndi la paulendo wopita kuchipatala. Mu 1998 ku Tampa madokotala ndi mamediki anakhala pansi n'kuunika ena mwa ovulala a ku Mogadishu mmodzimmodzi. Robert Mabry, amene anali mediki usiku umene uja n'kudzaphunzira udokotala pambuyo pake, anasanthula ovulala 125 mu lipoti la chaka cha 2000: 55 pa 100 alionse anavulala ndi zipolopolo, 31 ndi zidutswa za mabomba, ndipo mabala ena analowa tizilombo chifukwa chochedwa kufika kuchipatala.

Kulemba ndondomeko ndi kwina, kuitsata ndi kwina. Asilikali ambiri a America anapita ku Afghanistan mu 2001 ndi ku Iraq mu 2003 opanda tourniquet m'thumba, ndipo anthu anapitirira kufa ndi mabala a miyendo mpaka cha m'ma 2005 pamene anayamba kugawira aliyense. Umboni wotseka pakamwa otsutsa unachokera ku Baghdad, kumene John Kragh anatsata ovulala 232 omangidwa ma tourniquet 428 mu 2006. Amene anamangidwa thupi lisanafooke ndi kutha magazi anapulumuka 90 pa 100 alionse. Amene anamangidwa atafooka kale anapulumuka 10 okha. Palibe amene anadulidwa chiwalo chifukwa cha tourniquet payokha.

Gulu limene linathamanga ndi nkhaniyi ndi la Smith lomwe. Stanley McChrystal atakhala mkulu wa 75th Ranger Regiment kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anaika zachipatala pa zinthu zinayi zimene Ranger aliyense ayenera kudziwa, pamodzi ndi kuombera, mphamvu za thupi, ndi kamenyedwe ka timagulu ting'onoting'ono. Msilikali aliyense, ngakhale wophika kapena wa pawailesi, anayamba kuphunzira kumanga tourniquet, kutsendera bala ndi kutsegula njira ya mpweya. Kusamalira ovulala kunakhala udindo wa komanda, ndipo pa zoyeserera za nkhondo ankaikamo ovulala mwadala kuti aone gulu lonse likuchita bwanji. Anayambanso kulemba wovulala aliyense pakakhadi n'kusunga kaundula. Russ Kotwal, dokotala wawo, anafalitsa zotsatira mu 2011: kuyambira 2001 mpaka 2010 anavulala 419, anamwalira 32, ndipo mwa amene anafa asanafike kuchipatala panalibe ndi mmodzi yemwe amene chisamaliro chabwinopo cha pabwalo chikanamupulumutsa.

Apa ndiye pagona nkhani. Mamediki a Ranger sanasanduke madokotala. Chinasintha n'chakuti mediki analeka kukhala yekha. Akamafika pa wovulala amapeza tourniquet yamangidwa kale, ndipo manja ake amapita ku zimene ena sangathe.

Tikabwereza usiku umene uja ndi zida za lero

Brian Eastridge ndi anzake anaunika imfa 4,596 za asilikali a America kuyambira 2001 mpaka 2011. Anapeza kuti 87 pa 100 alionse anafa asanafike kuchipatala, ndipo mwa amenewa pafupifupi mmodzi pa anayi anali ndi mabala oti akanatha kuchira. Mwa oterewa, 91 pa 100 anafa ndi kutaya magazi: 67.3 peresenti m'kati mwa chifuwa ndi mimba, 19.2 peresenti m'malo olumikizira thupi monga m'mphechepeche, m'khwapa ndi m'khosi, 13.5 peresenti m'manja ndi m'miyendo. Ndiye kuti tourniquet itafala, bala ngati la Smith linayamba kupha anthu ambiri kuposa la pakati pa mwendo.

Mediki wa lero amatsata ndondomeko ya MARCH, imene imayambira pa magazi otuluka kwambiri, kenako njira ya mpweya, kupuma, kayendedwe ka magazi, ndipo pomaliza kuzizidwa ndi mabala a m'mutu. Pa bala la m'mphechepeche sayamba n'kufunafuna nsonga ya mtsempha. Amapukuta magazi kuti aone pamene akuchokera, amatenga Combat Gauze, nsalu yopakidwa dongo la kaolin limene limafulumizitsa kuundana kwa magazi ndipo inavomerezedwa mu 2008, n'kuitsendera ndi chala mpaka pansi pa bala, chala china chikugwira pamene chinzake chikubweretsa nsalu ina, mpaka dzenje lidzaze. Kenako amadinikiza mphindi zitatu osasuzumira. Pamwamba pake amamanga chida cha m'mphechepeche, monga SAM Junctional Tourniquet kapena JETT, lamba wozungulira chiuno wokhala ndi kachidutswa kamene kamapana mtsempha pafupa. Chida chimenechi sichitopa ndipo sichisinthana ndi wina.

Akatero amabaya tranexamic acid, mankhwala oletsa magazi oundana kusungunuka. Kafukufuku wa CRASH-2 wa mu 2010, wa anthu oposa 20,000 m'maiko 40, anasonyeza kuti amachepetsa imfa akaperekedwa maola atatu asanathe. Ku chipatala cha msasa wa asilikali wa Camp Bastion ku Afghanistan, mwa ovulala 896 olandira magazi, amene anapatsidwa mankhwalawa anafa 17.4 peresenti poyerekeza ndi 23.9 peresenti ya amene sanapatsidwe. Ndondomeko ya TCCC ya masiku ano imati magalamu 2, pang'onopang'ono mumtsempha. Pa ululu pali ketamine, amene satsitsa BP ngati morphine, ndipo njakata ija inachepa. Pali maantibayotiki operekera pabwalo pomwepo. Wovulala amamuchotsa pansi pozizira n'kumufunditsa ngakhale kunja kukutentha, chifukwa munthu wotha magazi amazizidwa ngakhale ku Somalia.

Chachikulu pa zonse ndi magazi. Kuyambira 2014 TCCC inaika magazi athunthu pamwamba pa madzi ena onse othira wovulala. Mu 2015 a Ranger anayambitsa ndondomeko ya ROLO: amayeza asilikali onse a gulu la magazi la O asananyamuke, n'kusankha amene magazi awo ali ndi zolimbana ndi magulu A ndi B zochepa, kuti athe kupatsa aliyense. Amawayezanso matenda opatsirana kudzera m'magazi. Mediki amanyamula mapaketi ochepa ozizira, ndipo akatha amaitana mnzake wolembedwa pamndandanda, kumukhazika pansi, kutenga paketi imodzi n'kuthira wovulala akadali ofunda. Mu Ogasiti 2019 m'chigawo cha Wardak ku Afghanistan, mamediki awiri a Ranger, Charles Bowen ndi Ty Able, anachita zimenezi nkhondo ili m'kati magazi a m'chikwama atatha, ndipo ovulala awo anafika kuchipatala ali moyo. Pothira, mediki safuna BP ya munthu wabwinobwino. Amafuna kumva mtsempha ukugunda pamkono ndi kuona wovulala akuyankha zomveka, ndipo amaonjezera calcium paketi yoyamba ikalowa.

Kodi Smith akanapulumuka? Maganizo anga ndi akuti mwayi wake ukanakula kwambiri, koma sindinganene kuti nkhondo yake ikanakhala yopepuka. Zida za m'mphechepeche zimagwira bwino ngati bala lili m'munsi mwa pamene zikupana. Mtsempha ukathawira m'chiuno, magazi akhoza kupitirira kukhera m'kati pamene kunja kukuoneka kouma. Pamenepo chotsala ndi kupana mtsempha waukulu wa aorta pamimba, ndi chibakera kapena ndi lamba wapadera, ndipo zimenezo zimatseka magazi a miyendo yonse iwiri ndi m'chiuno, moti sizingapitirire nthawi yaitali osaononga thupi. Magazi athunthu amagula nthawi. Sasoka mtsempha. Kuchokera madzulo mpaka 2 koloko usiku ndi nthawi yaitali kugula ndi mapaketi ochokera m'mikono ya anthu amene akuyeneranso kugwira mfuti.

Mediki mwiniwake

Mamediki ambiri a magulu apadera a America amaphunzira ku Fort Bragg, ku North Carolina. Kosi ya SOCM imatenga masabata 36, ndipo ili ndi nthawi imene ophunzira amakagwira ntchito m'zipatala za m'mizinda ndi m'maambulansi kuti manja azolowere mabala enieni. Amene akupita ku Special Forces amaonjezera miyezi ina ya opaleshoni zing'onozing'ono, kugonetsa odwala, mano, labu ngakhale matenda a ziweto, chifukwa amakakhala m'midzi yakutali ndi chipatala. Zaka ziwiri zilizonse amabwerera kwa masabata awiri kukanoledwanso.

Kunoledwanso kumeneku sindikuona ngati chinthu chongoonjezera. Luso la manja limafwifwa msanga, makamaka limene suligwiritsa ntchito kawirikawiri, monga kuboola kholingo kapena kubaya singano ya masentimita 8 pakati pa nthiti kuti mpweya wotsekeredwa utuluke. Ndipo luso loonetsedwa m'kalasi si limene limatuluka pankhondo. Munthu amene wathamanga atasenza katundu, mtima ukugunda kwambiri, sanagone usiku wathunthu, zala zake sizimvera, maso ake amakakamira pa bala limodzi looneka moopsa n'kuiwala kutembenuza wovulala kuti aone kumsana. Ndimaziona pophunzitsa: wophunzira amene amamanga tourniquet bwinobwino patebulo, ukamuthamangitsa kaye, kuzimitsa magetsi n'kumuthira madzi a sopo m'manja, amaiwala kukoka lamba mpaka kulimba asanayambe kupotokola kamtengo, ndiye amapotokola kosatha magazi akutulukabe. Amaiwalanso kulemba nthawi. Mankhwala ake ndi kubwereza mumdima, atatopa, ndi anthu omwewo amene adzapite nawo, kuti tsiku lovuta manja adzagwire okha mutu uli pa zina.

Pali chinanso chimene sitikamba mokwanira. Mediki wa gulu lapadera sathandiza mlendo. Amathandiza munthu amene amadya naye, amene amadziwa dzina la mkazi wake. Akamwalirira m'manja mwake, amabwereza usiku umenewo m'mutu kwa zaka. Kuunika nkhani za ovulala poyera, mmene anachitira ku Tampa, kumathandizanso pamenepa, chifukwa kumamuuza mediki mwachilungamo zimene zinali m'manja mwake ndi zimene sizinali.

Nthawi yatalikanso

Mu 2009 Robert Gates, nduna ya zachitetezo ya America, analamula kuti wovulala kwambiri ku Afghanistan azifika kuchipatala pasanathe mphindi 60. Nthawi ya ulendo inatsika kuchoka pa mphindi 90 kufika pa 43, ndipo imfa zinachepa. Koma zimenezo zinatheka chifukwa mlengalenga munali mwawo ndipo mahelikopita anali ambiri. Ku Tongo Tongo ku Niger, pa 4 Okutobala 2017, kumene asilikali anayi a America ndi anzawo a ku Niger anaphedwa, thandizo linali kutali. Ku Ukraine ma drone amachititsa kuti ovulala adikire maola ambiri, nthawi zina mpaka mdima, ndipo madokotala kumeneko adandaula ndi vuto latsopano: ma tourniquet omangidwa pa mabala osafunika lamba n'kusiyidwa maola ochuluka, mpaka mwendo kufa ndi impso kuonongeka. Ndondomeko imati uyese kusintha tourniquet ndi bandeji yopanikiza maola awiri asanathe ngati wovulala sanafooke ndipo ungathe kuyang'anira bala, komanso kuti yopitirira maola 6 usaimasule popanda zida zoyezera. Zimenezi kale zinkasiyidwira mediki. Kumene ulendo uli wautali, msilikali wamba ayenera kuzidziwanso.

Asilikali athu a Malawi Defence Force amagwira ntchito m'malo otere. Pa 14 Novembala 2018, kufupi ndi Beni ku DRC, pomenyana ndi zigawenga za ADF, anafa asilikali 6 a Malawi ndi mmodzi wa Tanzania. Malemu Private Chancy Chitete anaona Corporal Omary wa ku Tanzania atavulala ali poonekera, anamukokera pobisika, ndipo anaomberedwa akumupatsa thandizo loyamba. Omary anapulumuka. Mu Meyi 2019 bungwe la United Nations linapereka kwa banja la malemuwa mendulo ya kulimba mtima kwapadera yotchedwa Captain Mbaye Diagne. M'nkhalango ngati ya Beni, manja oyamba kufika pa wovulala ndi a mnzake amene ali pafupi, ndipo zimene manjawo anaphunzitsidwa ndi zimene wovulalayo adzalandire m'mphindi zoyamba.

Ndikamaliza kufotokoza nkhani ya Smith ndimapatsa ophunzira ntchito iyi. Tengani gulu lanu lenileni, ndi maina ake. Ntchito imene mwauzidwa kuti ndi ya ola limodzi muilembe ngati ya maola 15. Werengani gauze, ketamine, tranexamic acid ndi zofunda zimene mungafune pa ovulala kwambiri atatu. Kenako werengani magazi. Munthu mmodzi amapereka paketi imodzi, pafupifupi mamililita 450, kamodzi kokha, ndipo bala la m'mphechepeche likhoza kumeza mapaketi angapo ola loyamba lisanathe. Lembani a gulu la O ndi angati, anayezedwa liti HIV, hepatitis ndi chindoko, ndipo kwa ife ochokera kumaiko a malungo muonjezerepo malungo. Lembani kuti akwera galimoto iti, kuti onse asakhale m'galimoto imodzi. Pepala limenelo mulipereke kwa komanda musananyamuke, ndipo asayine.